Kujambula Mbalame za Pakhomo Nyengo ya Masika

Ndisanayambe nkhani yanga ndiyenera kuulula kwa inu anzanga ndi kwa aphunzitsi athu kuti ine ndinali mlenje woopsa wa mbalame. Kuyambira ndiri mu Sitandade 3 kufikira chaka chimene ndinasankhidwa kubwera kuno, legeni siinali kuchoka m'khosi mwanga, ndipo anyamata a ku Kawale amene tinakulira pamodzi angathe kundichitira umboni. Tinali kuumba zipolopolo za dothi ndi kuziyanika pa dzuwa, tinali kupaka ulimbo pa timitengo, ndiponso kutchera lichero la amai ndi kamtengo ndi chingwe. Sindinena izi modzitama ai, koma chifukwa nzeru zonse zimene ndifuna kukufotokozerani pano ndinazitenga ku ulenje umenewo. Wosaka mbalame ndi wojambula mbalame amayenda njira imodzi. Amasiyana pa mapeto pokha, pakuti wina amabwerera ndi kandiwo kongotha pa mbamu imodzi, pamene mnzakeyo amabwerera ndi chithunzi, mbalame yake ikali kulira mu mtengo.

Chimene chinandiyambitsa nchito imeneyi ndi mulu wa njerwa. Nditafika kwathu pa tchuthi cha Pasaka chapitachi ndinaupeza kuseri kwa nyumba, ndipo amai anandiuza kuti eni ake a malowo afuna kumangapo nyumba ina ya lendi, kotero kuti mtengo wathu wa gwafa pamodzi ndi mpanda wa maluwa zidzachotsedwa mvula ikatheratu. Sindingawanene eni akewo, pakuti anthu afuna pogona. Mu 1966 anthu a mu Lilongwe sanali kukwana 20,000. Mu 1975 mzindawu unasanduka likulu la dziko, ndipo pa kalembera wa 2018 anapezeka pafupi-fupi 990,000. Onsewo afuna nyumba, makala ndi nkhuni zootchera njerwa. Mnzanga wina wa ku Mgona amati kwao mungathe kuyenda mzere wathunthu wa nyumba osaona mtengo woti mbalame iterepo. Tsono ndinaganiza kuti gwafayo asanagwe ndijambule alendo onse amene amadyamo, amene makolo ao ambiri ndinawapha ndine.

Kamera ndiribe. Ndinapempha foni kwa achemwali anga, ndipo anati, "Uzitenga m'mawa mokha ndisanapite ku geni, koma madzi onse a pakhomo pano uzitunga ndiwe. Ikangosweka usabwererenso ku sukulu, ukagwire ganyu." Ndinavomera.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji masika? Azungu a ku Ulaya ali ndi nyengo yao imene masamba amafiira nayoyoka chisanu chisanafike, ndipo kwao imadza mu Seputembala ndi Okutobala. Ife amene tiri kumwera kwa Equator yathu imatifika mu Epulo ndi Meyi, pamene mvula ikutsazika, chimanga chikuuma m'timinda ta m'mbali mwa miseu, ndipo m'mawa mwayamba kachisanu. Iyi ndiyo nyengo yabwino koposa kwa wojambula. Udzu wonse wabereka njere, chisoso chakhwima, magwafa apsa, ndipo ana a mbalame amene anaswedwa m'dzinja atuluka m'zisa, ochuluka ndi osachenjera kwenikweni. Thambo nalo liri loyera chifukwa mvula yalitsuka. Mukadikira Ogasiti ndi Seputembala mudzapeza utsi wa lupsa ndi fumbi zaphimba zonse, ndipo zithunzi zanu zidzatuluka zotuwa monga bulangeti lakale. Koma choposa zonsezi ndi ichi, kuti zithaphwi zayamba kuphwa, ndipo mbalame imene m'dzinja inali kumwa paliponse tsopano iyenera kufuna madzi. Sungani mfundo imeneyi, tibwererakonso.

Masika ndi nyengonso ya kutsazikana, ndipo wochedwa sapeza kanthu. Anamzeze amene mumawaona atandandalika pa mawaya a magetsi mu Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo ndi alendo a pa ulendo. Amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo kambalame kolemera ngati magalamu 20 kamauluka makilomita zikwi zingapo, kuoloka zipululu ndi nyanja, kuti kakamange chisa kumeneko. Ine ndinawapeza masiku atatu oyamba a tchuthi, ndipo tsiku lachinai mawaya anali mbee, kunangotsala anamzeze athu a konkuno, omanga zisa za matope pansi pa makonde. Chimodzimodzinso mpheta yamphongo ija ya m'madambo, yovala zofiira ndi zakuda nthawi ya dzinja: kuswana kukatha imavula zokongolazo nikhala yotuwa monga yaikazi. Kambalame ka mchira wautali kaja kamene kamathamangitsa tinzake pa bwalo nako kamathothoka mchira. Ambiri a ife tinali kuganiza kuti mbalame zimenezi zimachoka, chikhalirecho ziri pompano, zangosintha malaya.

Tsopano tione za chida chathu. Azungu odzaona malo amene timakomana nao ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, amanyamula makamera a mandala aatali ngati munsi, amene amakoka mbalame ya patali nioneka ngati iri m'manja. Diso la foni siliri lotero. Analipanga kuti lizitenga malo aakulu, monga gulu la anthu pa ukwati, ndipo chifukwa chake njiwa imene iri pa mtunda wa mamita 10 imatuluka ngati kadontho ka inki. Mukatambasula chithunzi ndi zala ziwiri, kumene ena amati kuzuma, foni zambiri sizisendera pafupi ai, zimangokulitsa kadontho komweko, ndipo nthenga zimasanduka phala. Masiku awiri oyamba ndinataya nthawi pozembera mbalame ndi foni m'manja. Ndinapeza zithunzi zambiri za nthambi zopanda kanthu, ndi chimodzi cha mchira wa pumbwa ukutuluka pa ngodya.

Pamenepo ndipo ndinakumbukira ulimbo. Mnyamata wotchera ulimbo sathamangira mbalame. Amadziwa pamene imamwera ndi pamene imayamba kutera isanatsike, napaka ulimbo wake pomwepo, namka kukabisala. Foni nayo iyenera kutcheredwa motero, pa mtunda wosaposa mkono umodzi kapena iwiri kuchokera pamene mbalame idzatere.

Ndinatenga phale la mtsuko wosweka ndi kuliika pa njerwa ziwiri, pa mtunda wa mapazi asanu kuchokera ku mpanda. Lisakhale pakati pa bwalo poyera, chifukwa timbalame tating'ono timaopa mphamba ndipo timafuna pothawira pafupi. Lisakhalenso pansi peni-peni pa chitsamba, chifukwa pamenepo mwakonzera mphaka chakudya. Madzi akhale osaya, ofika pa mfundo yoyamba ya chala, ndipo muikemo mwala wosongoka pamwamba kuti timbalame tiimepo. Muziwataya tsiku ndi tsiku ndi kuthira ena, pakuti madzi ogona masiku amaswetsa udzudzu, ndipo amai sadzakukhululukirani malungo chifukwa cha chithunzi. Pambali pake ndinawaza madeya pang'ono ndi misere ya mpunga, ndipo papaya wakupsa ndinam'baya pa kamtengo. Kenaka ndinazika kanthambi kouma ka gwafa, kotalika kufika m'bondo, pafupi ndi phalelo. Kanthambi aka ndiko kofunika koposa zonse. Mbalame siitera m'madzi mwachindunji. Imayamba yaima pa malo okwera, niyang'ana uku ndi uku, ndipo nthawi yochepa imeneyo iri chiriri, mutu uli m'mwamba. Pamene kale ndikadapaka ulimbo, tsopano ndi pamene ndinalozetsa foni.

Musayembekeze alendo tsiku lomwelo. Kwa ine panapita masiku atatu, ndipo oyamba kufika anali nkhuku za anansi athu.

Za kuwala ndinene mosamala, chifukwa apa ndipo ambiri timalakwa. Kamera iri yonse iri ndi kachitseko kamene kamatseguka kanthawi kochepa kuti kuwala kulowe. Kuwala kukachuluka kamatseguka ndi kutsekeka msanga, mwina gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo mbalame ingakhale ikukupiza mapiko imagwidwa bwino. Kuwala kukachepa kachitseko kamachedwa, ndipo chiri chonse chimene chagwedezeka pa nthawiyo chimatuluka ngati utsi. Foni imadzisankhira yokha liwiro limeneli, tsono nchito yanu ndiyo kuipatsa kuwala kokwanira. Pa nyengo ino dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo nthawi yabwino ndi kuyambira 6:30 kufikira 8 koloko, pamene liri lotsika, lofewa, ndipo mbalame ziri ndi njala. Likhale kumbuyo kwa foni, liziwalira mbalame kumaso. Mukalozetsa foni kum'mawa nthawi imeneyi mudzapeza chithunzithunzi chakuda chokha. Masana dzuwa liri pa liwombo mithunzi imagwera pansi pa mbalame ndipo mitundu ya nthenga imafa. Fulashi musayatse konse.

Yang'ananinso chimene chiri kumbuyo kwa kanthambi kanu. M'makwalala athu ano kumbuyo kwa chinthu chiri chonse kuli majumbo, chingwe cha zovala kapena chitseko cha chimbudzi, ndipo maso athu anazolowera kusaziona, koma kamera siizolowera. Ine ndinasuntha phale katatu kufikira kumbuyo kwake kunali maluwa achikasu a deliya, amene amachita maluwa nyengo yomwe ino, ali pa mtunda wa mamita atatu. Chakumbuyo chikatalikira chimazimirira bwino ndipo mbalame imaoneka yokha. Foni ikhale pa msinkhu wa diso la mbalame, osati pamwamba pake. Musanachoke, gusani pa galasi la foni pamene pali kanthambi ndi kusiya chala pomwepo kanthawi, kuti kamera ikhazikike pamenepo. Diso la mbalame likatuluka lakuthwa, ndi kadontho ka kuwala m'kati mwake, chithunzi chonse chimakhala chamoyo, ngakhale mchira utazimirira.

Nanga munthu abisale kuti? Vuto limeneli ndi lakale. Abale awiri a ku England, Richard ndi Cherry Kearton, amene mu 1895 anatulutsa buku la zisa za mbalame lokhala ndi zithunzi zojambula ndi kamera zokha-zokha, anafika popanga ng'ombe yabodza ya chikopa cheni-cheni, yamphako m'kati, nalowamo ndi kamera yao kuti mbalame ziwayese chiweto. Ife a ku Kawale sitisowa ng'ombe, tiri ndi kakhitchini ka panja. Ndinapachika chiguduli pa khomo lake ndi kuboola kabowo koonera. Foni ndinaitsamiritsa pa njerwa pafupi ndi phale, ndi kuiphimba ndi kansalu kotuwa kusiya diso lokha. Pa foni zambiri, mukalumikiza mahedifoni a chingwe, batani lokweza mau limajambula chithunzi, tsono mukhoza kukhala potalikira monga mwa utali wa chingwecho. Njira ina yosavuta ndiyo kuyatsa vidiyo ndi kuchokapo, ndipo pambuyo pake kusankhamo pamene mbalame yaima bwino. Koma zithunzi zotere sizikhala zakuthwa kwenikweni, ndipo batire ndi malo a m'foni zimatha msanga. Tsiku lina magetsi atazima usiku wonse achemwali anapeza foni yao iri yakufa, ndipo ndinatunga madzi owirikiza.

Pali kachenjerero kena kamene ojambula mbalame anakadziwa kale-kale. Mulowe pobisalira anthu awiri, ndipo mmodzi atuluke poyera namke kutali. Mbalame zambiri siziwerenga, zimayesa kuti zoopsa zapita. Mng'ono wanga ndiye anali kundithandiza, ngakhale poyamba anali kudandaula kuti, "Achimwene, njiwa yonenepa chonchija tingoiyang'ana?" Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kakhitchini muja, utsi wa dzulo ukununkha ndi miyendo itachita dzanzi, ndinamvetsa chimene anali kunena.

Alendo anga ndinawadziwa mmodzi-mmodzi, pakuti mbalame ziri ndi makhalidwe monga ana a sukulu. Pumbwa, wa mutu wakuda ndi chikasu pansi pa mchira, ndiye wolimba mtima. Amafika awiri-awiri akulongolola, ndipo amayamba papaya. Ndiye woyenera kuphunzirirapo. Njiwa imatera patali niyenda pansi pang'ono-pang'ono, ndipo ikayamba kumwa imamiza mlomo nimwa osadzutsa mutu, kusiyana ndi nkhuku ndi mbalame zina zimene zimayang'ana kumwamba pomeza. Timbalame todya njere, monga phwiti ndi chingolopiyo, timadza m'magulu, ndipo sititha sekondi ziwiri pa malo amodzi, tsono apa musajambule chithunzi chimodzi koma zambiri motsatizana. Pakati pao pali kena ka buluu pa chifuwa ndi kena kofiira ngati khala la moto, ndipo ngakhale ndinatipha tambiri kale, ndinali ndisanaone kuti kofiirako kali ndi timadontho toyera m'nthiti mpaka pamene ndinakulitsa chithunzi chake. Mpheta za m'matauni zija zomanga zisa m'madenga a malata si za kuno kweni-kweni. Makolo ao anachokera ku India, nafika ku Durban pa sitima za pamadzi, ndipo anafalikira chakumpoto kufikira analowa m'dziko lino m'zaka za m'ma 1960.

Khwangwala yekha ndiye anandigonjetsa. Anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, ndipo ndi zoona. Anali kutera pa denga, kuyang'ana chiguduli, kuyang'ana foni, ndipo kachenjerero ka anthu awiri sikanam'pusitse ngakhale kamodzi. Tsiku limene ndinachoka kukayankha amai, ndinabwerera papaya atapita.

Si mbalame zokha zimene zimakhala pakhomo. Kachisanu ka masika kamathandiza wojambula, chifukwa zokwawa ndi tizilombo sizikhala ndi mphamvu dzuwa lisanazitenthe. Gulo amene masana simungam'yandikire, m'mawa amakhala phee pa thunthu la mtengo akuothera dzuwa, ndipo mukasendera pang'ono-pang'ono osam'gwetsera mthunzi wanu amakulolani kufika pafupi. Agulugufe nao amakhala pa maluwa mapiko atatambasula. Nanzikambe ndiye mphunzitsi wabwino wa oyamba kumene, pakuti safulumira kupita kuli konse, ndipo alibe ululu monga ambiri timaopera. Ofuna apusi apite ku nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, koma agwiritse foni ndi manja awiri. Afisi amene amayenda-yenda mu mzinda uno usiku, amene ena mwa inu munawamvapo akulira, ndikupemphani muwasiyire akatswiri okhala ndi makamera otchera.

Machenjezo ndiri nao awiri. Loyamba ndi la zisa. Mukapeza chisa musadule masamba ochiphimba kuti chioneke bwino, ndipo musakhalitse pafupi, chifukwa make akaopa kubwerera mazira amazizira, ndiponso mwaonetsa njira kwa khwangwala, mphaka ndi anyamata a malegeni. Lachiwiri ndinaliphunzira ndi manyazi. Tsiku lina ndinaona kambalame ka mlomo wopindika, komwa timadzi ta m'maluwa, katatera pa mpanda wa anansi athu, ndipo ndinakwera pa njerwa zija foni iri m'mwamba. Sindinaganize kuti kuseri kwa mpandawo ndiko kuli bafa yao. Mai a nyumbayo anatuluka akukuwa, anthu anasonkhana, ndipo amai anga anachita kupita kukapepesa ndi kuwaonetsa zithunzi zonse za m'fonimo chimodzi-chimodzi. Mwamwai kambalameko kanalimo. M'malo othinana ngati athu, musanakweze foni yang'anani kumene yaloza, ndipo anansi auzeni chimene mukuchita.

Pa milungu iwiri ndinajambula zithunzi zoposa 300, ndipo zoti ndingaonetse munthu ziripo 9. Mitundu ya mbalame imene inafika pa phale kapena mu gwafa inakwana 14. Ndi yochepa mukaiyerekeza ndi mitundu pafupi-fupi 650 imene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett analemba m'buku lao la mbalame za Malawi la mu 2006, koma kumbukirani kuti bwalo lathu ndi laling'ono kuposa kalasi ya Fomu 3. Chithunzi chimene ndimachikonda ndi cha m'mawa womaliza: pumbwa ali pa kanthambi, kachidutswa ka papaya kali kukamwa, kumbuyo kuli chikasu cha deliya. Aphunzitsi a kalabu yathu ya zachilengedwe, imene iri pansi pa bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947 ndi dzina lakuti Nyasaland Fauna Preservation Society, anatithandiza kutsukitsa zithunzi zisanu, ndipo taziika pa bolodi la m'chipinda cha sayansi. Pansi pa chiri chonse tasiya malo kuti yense alembepo dzina la mbalameyo monga amaitchulira kwao, pakuti taona kale kuti a ku Chinsapo, a ku Area 25 ndi anzathu ochokera ku Mzimba ndi ku Mangochi sagwirizana pa maina.

Amai atabwera kudzandiona pa tsiku la makolo anandiuza kuti gwafa uja anadulidwa mu Juni, ndipo nyumba yatsopano yafika m'mawindo. Phale analisamutsa mng'ono wanga, naliika kumaso kwa nyumba pansi pa mpapaya, ndipo akuti amasintha madzi m'mawa uli wonse asanapite ku sukulu. Apumbwa awiri akubwerabe, timbalame ta buluu sitinaonekenso. Ndinafunsa za legeni yake, ndipo amai anati ikali m'thumba la kabudula wake.

Wa Fomu 3